Malata a Noel pa Zipupa za Laston

Nyumba ija inakhala zaka zinayi yopanda denga. Zipupa zinakwera bwinobwino kufika pamwamba pa mawindo, n'kuima pomwepo. M'chipinda chimene chikanakhala chogona munamera mpoza, pabalaza mbuzi zinkabisalapo dzuwa. Aliyense wa pa Lirangwe wodutsa njira ya kuchigayo ankaidziwa: nyumba ya Laston, mkamwini amene anakumba maziko pakhomo pa apongozi ake n'kuuza mkazi wake Maluwa kuti akupita ku Joni kukasaka malata. Malatawo akusakidwabe mpaka lero. Chaka choyamba ankaimba foni, chachiwiri ankangotumiza zithunzi atavala jekete, chachitatu zii.

Ndiye taganizani mmene Noel ankamvera Lamulungu lililonse. Munthu wachoka ku Chileka, wakwera kabaza mpaka pa Kameza, wapanikizidwa m'minibasi ya ku Zalewa miyendo ili pa thumba la feteleza wa eni, kuti adzaone mkazi amene akufuna kukwatira, ndipo chomulonjera choyamba ndi zipupa za mwamuna wina.

Lamulungu limeneli linali la pakati pa Okotobala, dzuwa loswa mtengo. Awiriwo anakhala pamulu wa njerwa zotsala, kuseri kwa chipupa kumene kunali kamthunzi. Princess, mwana wa Maluwa wa zaka zisanu, anali atapita kudimba ndi agogo ake.

"Mmisiri ndamupeza," anatero Noel. "A Fikirini, a pa Lunzu aja. Anabwera kudzayeza Lachitatu iwe uli kumsika. Akuti zipupazi n'zolimba. Chofunika n'kukweza magebulo, zipupa zosongoka za m'mbali zija, kuika matabwa, basi malata."

Maluwa anasiya kusenda chinangwa chimene chinali m'manja mwake. "Anabwera kudzayeza? Anawatuma ndani?"

"Ine."

"A Noel, ndinakuuzani kuti mudikire."

"Ndidikire chiyani? Kanyumba ka mayi kaja sukukaona mmene kakhalira? Udzu unawola kalekale. Unandiuza wekha kuti dzinja lathali munkagona chokhala, mwana pamiyendo, beseni pamphasa. Ukufuna zibwerezenso?"

"Mvula igwe kaye."

Noel anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. "Tamvani zimenezi! Anthu dziko lonse amafolera mvula isanagwe. Iwe wekha pa Lirangwe pano ukuti igwe kaye. Ndiye tidzafolera chiyani, matope?"

"Ingondimverani kamodzi kokha."

"Tandiuza chifukwa."

Maluwa anayambiranso kusenda chinangwa chake.

Apa ndi pamene mtima wa Noel unkapsera. Inali miyezi isanu ndi itatu chikumaniraneni m'minibasi, tsiku limene dengu la tomato la Maluwa linagubuduka iye n'kuthandiza kutola, ndipo mkaziyu analibe chobisa. Za Laston anamuuza tsiku lomwelo: banja linatha, munthuyo ali ndi mkazi wina ku Joni komweko, cha ku Kepi. Koma ikangofika nkhani ya nyumbayi, pakamwa pake pankatsekeka.

"Kapena ukumusungira mwini wake?" anafunsa Noel. "Nena ndidziwe. Mwina ine ndikungotha nsapato pamsewu pamene anzathu mukudikira basi ya ku Joni."

Maluwa anaimirira, makoko a chinangwa n'kugwera pansi. Maso anali atadzaza misozi.

"Mawu amenewo simuyenera kundiuza ine. Mawa ndikupita ku Mdeka, mayi aang'ono achitidwa opaleshoni, ndikawasamalira masabata awiri. Ndikabwerako ndidzaipeze nyumbayi mmene ililimu. Musaikhudze, a Noel. Ndapota nanu."

Noel ananyamuka osatsanzika. M'minibasi yonse ankangodzilankhulira mumtima: akazi, akazi! Ukawapatsa denga akuti dikira, ukapanda kuwapatsa akuti suli siriyasi.

* * *

Lolemba madzulo Noel atafika kunyumba anapeza achemwali ake a Lois akuanula zovala. Chimwalirireni makolo awo, a Lois ndiwo anali mayi, bambo ndi wapolisi wa pakhomopo.

"Iwe Noel, mutu wako ukuyenda bwino? Ndamva kuti watenga tchuthi kueyapoti kuti ukamange ku Lirangwe."

"Ndani wakuuzani?"

"Usandifunse ndani. Poloti imene bambo anatisiyira pano yangomera chisoso. Iwe malata ako oyamba chibadwire ukukawakhoma pa zipupa za mnzako?"

"Achemwali, kwawo kwa Maluwa mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi. N'chikamwini. Ndikapanda kumanga kumeneko sadzandiwerengera."

"Ndiye kumba maziko ako! Mkamwini amakumba ake, sakwera pa za mnzake." A Lois anaponya malaya m'beseni mwamphamvu. "Tandiuza chinthu chimodzi. Ankhoswe anamusudzula mkaziyo?"

"Banja linatha."

"Sindinafunse zimenezo. Pali kutha kwa pafoni, pali kutha kwa ankhoswe. Lawolo linatha kutha kuti?"

"Maluwa sanama."

"Iiih, koma mwana wa mayi anga iwe! Unakulira m'nyumba za lendi, za kumudzi sukuzidziwa. Anthu aja ali ndi malamulo awo. Banja limene anamanga ankhoswe amamasula ndi ankhoswe omwewo, osati mkazi atakhala m'minibasi. Pita kaye kwa amalume ake ukafunse."

"Ndikafunse ngati ndani? Ndi manja lende? Ndikufuna ndikamapita ndi ankhoswe anga ndikhale ndi choloza. Aone kuti uyu si Laston. Uja zaka zinayi analephera, ine sabata imodzi."

"Ndiye ndi mpikisano?"

Kwa Noel mpikisano unalidi. Ankafuna Maluwa akadzatsika minibasi adzaone malata akung'anima, adzachite manyazi ndi kukayika kwake konse, adzadziwe kuti mwamuna weniweni ndi uti.

A Lois ananyamula beseni lawo. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Pita kamange. Koma zikakavuta usadzabwere kuno ndi nkhope yomvetsa chisoni, ine nthawi yopepesa wamkulu ndilibe."

* * *

Pa Lirangwe shopu imene inali ndi malata a muyezo umene a Fikirini ankafuna inali imodzi yokha, ndipo tsoka lake kuseri kwa kauntala kunali Salome. Salome kwawo n'komweko, koma anakhalapo kwa abale ake ku Chileka, ndipo iye ndi Noel anali pachibwenzi zaka zitatu, nthawi imene onse ankaimba kwaya. Chinatha kalekale. Kwa Salome chinatha pakamwa pokha.

"Eee, abwana a kueyapoti! Mwasowatu. Lero ndege sizikutera?"

"Wadzuka bwanji, Salome? Ndikufuna malata 26 a mafiti khumi, ndi misomali yake."

"Malata? Ku Chileka anatha?"

"Ndikumanga konkuno."

"Konkuno pati?"

"Njira ya kuchigayo."

Salome anaika cholembera pansi pang'onopang'ono. "Nyumba ya Laston?"

"Ya Maluwa."

"Aaa, pepani, ya Maluwa." Anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. "Laston ndinaphunzira naye ine, kuyambira Sitandade 5. Timachezabe pa WhatsApp. Munthu wosauka mtima, amangodandaula kuti ku Joni zinthu zavuta, ntchito kulibe, mkazi wa kumeneko uja anamuthamangitsa."

"Sizikundikhudza."

"Inde, sizikukukhudzani. Koma a Noel, anthu mumasinthatu. Ine zaka zitatu simunandigulire ngakhale chitseko cha bafa. Mnzanga miyezi ingati, denga lathunthu! Anakudyetsani chiyani, tomato yemweyo?"

"Salome, ndipatse katundu ndizipita."

"Mwini wake akudziwa kuti mukufolera?"

"Maluwa? Ndikufuna adzangoona."

"Ohoo. Adzangoona." Salome anatola cholembera chake n'kuyamba kulemba, akuimba kanyimbo ka kwaya chapansipansi. "Adzaonadi."

Noel anatuluka m'shopumo. Anadziuza kuti ndi nsanje chabe, ndipo nsanje sinagwetsepo nyumba.

* * *

Lachitatu m'mamawa ngolo inatsitsa matabwa ndi malata. Asanayambe chilichonse Noel anapita kukagwada patali ndi khomo la mayi a Maluwa, monga amachitira munthu amene akufuna kudzakhala mkamwini.

"Mayi, ndabwera kudzapempha. Ndikufuna ndifolere nyumba ija mvula isanagwe, kuti inu ndi mwana musavutikenso."

Mayiwo anatulukira pakhomo. Anayang'ana malata, anayang'ana denga lawo la udzu limene linali litalowa pakati, anayang'ananso malata.

"Maluwa akudziwa?"

"Ndikufuna adzapeze zitatha."

Anapukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma. "Mangani, bambo," anatero, nkhope ataloza kumbali.

Mpoza uja anaudula, mbuzi anazipirikitsa, ndowe anazikolopa ndi fosholo. A Fikirini anali mmisiri wosalankhulalankhula, wa misomali pakamwa tsiku lonse, ndipo Noel ndiye anali wowapatsira: kukanya matope, kuponya njerwa, kugwira thabwa uku iwo akucheka. Manja anatuluka matuza. Pofika Loweruka magebulo anali ataima, Lolemba matabwa anali pamwamba.

Tsiku limenelo ali pamwamba pomwepo foni inalira. Anali Maluwa.

"Mwakwiyabe?"

Noel analemba ndi chala chimodzi, dzanja lina atagwira thabwa. "Ayi. Mayi aang'ono ali bwanji?"

"Akupezako bwino. Kumeneko mitambo yayamba?"

"Ine ndili ku Chileka, kuno dzuwa lokhalokha."

"Mulungu atithandize igwe msanga. Ikangogwa ndidzakuuzani zonse. Ndakusowani."

Noel anauwerenga uthengawo kawiri. Mvula, mvula, mvula! Munthu wopanda denga kupempherera mvula, zinamvekapo kuti? Anaika foni m'thumba n'kuitanitsa lata loyamba.

Lachiwiri masana, theka la denga litakhomedwa, kabaza inaima panjira. Anatsika Salome, kajumbo ka misomali m'manja.

"Munaiwala iyi, abwana! Ndati ndikubweretsereni ndekha, mungati shopu yathu ndi yakuba." Anaima patali, dzanja pachipumi. "Koma nde yakongolatu! Tamwetulirani pang'ono."

Noel asanatsegule pakamwa, foni ya Salome inali itajambula kale. Anajambulanso kutsogolo, anajambula kumbali, n'kukwera kabaza yake.

A Fikirini analavula misomali m'dzanja. "Bwana, mayi amenewa akukujambulirani zabwino?"

"Asiyeni. Alibe chochita."

"Misomali sitinaiwale ife," anatero a Fikirini. "Ndinaiwerenga ndekha."

* * *

Lachisanu la sabata yotsatira, tsiku lobwera Maluwa, nyumba inali itatha. Zitseko ziwiri, mawindo anayi, denga long'anima moti munthu ankaliona ali pamsewu waukulu. Pulasitala anali asanapake, koma mayi a Maluwa sanadikire. Anasesa, anazira pansi, analowetsa mphasa, ndowa ndi kasutikesi ka Princess. Mwanayo ankangothamanga chipinda ndi chipinda akukuwa kuti amve mawu ake akubwerera.

Noel anavala malaya atsopano. Kunja kunali chifundizi, mphepo kulibe, ndipo cha kumpoto kumwamba kunali kutada.

Maluwa anatulukira panjira ya kuchigayo cha m'ma 3 koloko, chikwama pamutu. Atafika pa mtengo wa mango anaima. Chikwama chinatsetsereka n'kugwa, iye osachitola. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Noel anamuthamangira akumwetulira. "Nanga ukulira chiyani? Lowa uone. Chipinda chako ndi cha kum'mawa."

"Mwandipha," anatero Maluwa.

"Wati chiyani?"

"Mwandipha, a Noel! Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Chimodzi chokha!"

Noel anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Masabata awiri a matuza, tchuthi chonse cha chaka, kunyozedwa ndi achemwali, malipiro ake ndi amenewa?

Asanayankhe, njinga inalowa pabwalo mothamanga, belu likulira. Anali a Mackson, amalume a Maluwa, amenenso anali nkhoswe yake. Iwo ankakhala kwa akazi awo kutali ndithu ndi Lirangwe, n'chifukwa chake zonsezi zinachitika osazimva. Anatsamiritsa njinga pamango, anavula chipewa, n'kuyang'ana denga kuchokera uku mpaka uko.

"Ndiye n'zoona," anatero. Anatembenukira kwa Noel. "Wakhoma malatawa ndinu, bambo?"

"Ndine, amalume."

"Amalume anu sindinakhale. Takhalani pansi."

Anakhala pa njerwa. Maluwa anakhala pansi chapatali, chitenje kumaso. Mayi ake anaima pakhomo pa nyumba yatsopano, osasuntha.

"M'mawa uno kwanga kunabwera a Godwin, nkhoswe ya Laston," anayamba a Mackson. "Anandionetsa chithunzi pafoni, inu muli padenga apo ndi hamala. Laston ndiye wawatumizira, kaya iye wachitenga kuti. Tsono mverani, chifukwa ndikuona kuti mwana wathuyu sanakuuzeni. Mwezi wa Juni tinakhala pansi, ife ndi akuchimuna. Ife tinati mwana wathu asudzulidwe, munthu anasiya mkazi ndi mwana pamtetete. Kwathu kuno mkamwini wolephera nyumba walephera banja. Iwo anapempha nthawi. Tinakangana tsiku lonse, mapeto ake tinagwirizana chonchi: mvula yoyamba ikagwa nyumbayi ili yosafolera, banja latha, palibenso zokambirana. Ikagwera padenga, Laston akadali mwini banja."

Noel anadzuka. "Koma wafolera ndine!"

"Ndawauza zomwezo a Godwin. Akuti pangano linali la denga, silinanene za dzanja. Akuti wafolerayo iwo sakumudziwa, mwina ndi mmisiri, mwina ndi munthu wachifundo. Nanga ine ndiwayankhe chiyani? Inu tikukudziwani? Munabwerapo ndi ankhoswe anu pakhomo pano?"

"Ndimafuna ndimalize kaye..."

"Mwamalizadi. Laston ananyamuka ku Joni Lachitatu. Mawa a Godwin akubwera kudzaona nyumba ndi maso awo."

Noel anatembenukira kwa Maluwa.

"Unandiuza kuti linatha."

"Kwa ine linatha kalekale."

"Sindikufunsa za kwa iwe! Miyezi isanu ndi itatu, Maluwa. Ndimabwera pano Lamulungu lililonse ngati chitsiru, ukundiyang'ana, osandiuza kuti ndiwe mkazi wa munthu?"

"Ndikanakuuzani mukanabweranso Lamulungu lachiwiri?" Maluwa anachotsa chitenje kumaso. "Nenani zoona. Achemwali anu akanakulolani? Ndinanama tsiku loyamba chifukwa sindinkadziwa kuti mudzakhalitsa. Mutakhalitsa ndinayamba kuopa. Kunangotsala mvula yokha, a Noel. Usiku uliwonse ku Mdeka ndinkatuluka kukayang'ana kumwamba. Ndinkati ikangogwa ndidzakugwadirani, ndidzakuuzani zonse ndili mfulu. Inu n'kukamufolerera Laston nyumba!"

"Ndinafolerera iwe!"

"Mukanandimvera!"

"Ukanandiuza!"

Onse awiri ankanena zoona, ndipo zimenezo ndizo zinkawawa kwambiri. Noel anayang'ana mayi a Maluwa pakhomo paja.

"Mayi, inu mumadziwa?"

Mayiwo sanaphethire. "Ndimadziwa."

"Ndiye bwanji munati mangani?"

"Chifukwa munabwera ndi malata, bambo. Zaka zinayi pakhomo pano pakubwera mawu okhaokha. Inu munabwera ndi malata."

Kumpoto kunagunda.

* * *

Onse anayang'ana kumwamba nthawi imodzi. Mdima uja unali utasendera, mphepo inayamba kuulutsa masamba ouma a mango, ndipo nkhuku zinathamangira kunsi kwa nkhokwe.

Maluwa anadzuka. Anapita molunjika pamene a Fikirini ankalongedza zida zawo, anatola hamala yozulira misomali, n'kubwera nayo kwa Noel.

"Kwerani."

"Ndikatani?"

"Mukatsitse malata anu. Mvula sinagwe. Amalume, ikapeza nyumba ili pululu, pangano likadalipo?"

A Mackson anavala chipewa chawo n'kutembenukira kumunda. "Madzi akalowa m'nyumba, ine mawa ndili ndi mawu. Koma sindinaone kanthu, sindinamve kanthu."

Noel anayang'ana hamala ija, anayang'ana matuza m'manja mwake. "Maluwa, ukudziwa chimene ukundiuza? Masabata awiri ndakhala..."

"Mukufuna ine kapena mukufuna denga?"

"A Fikirini, tiyeni mundithandize," anatero Noel.

Mmisiri uja anapukusa mutu, chikwama chili kale paphewa. "Ine ndimakhoma, bwana, sindizula. Ndipo ndikuuzeni, lata lozula silibwerera mwakale. Mukadzalikhomanso lidzadontha mpaka kalekale."

Mayi a Maluwa anakhala pansi pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, Princess atamukumbatira pachifuwa.

"Amene azule msomali umodzi ayambe wandiponda ine. Iwe Maluwa, ndiwe mayi wanji? Mwana wako wagona pouma masiku awiri okha chibadwire, lero ukuti abwerere m'madzi chifukwa cha mwamuna? Laston, Noel, onsewo ndi amuna, amabwera n'kupita. Ine ndakalamba, ndatopa ndi mabeseni!"

"Amayi, mukufuna ndibwerere kwa munthu amene ananditaya ngati chigamba?"

"Ndikufuna ndigone!"

Princess anayamba kulira. "Ankolo a Noel, musaphwanye nyumba yathu."

Abale inu, pali zinthu zimene mwamuna sayenera kumva ali ndi hamala m'manja. Noel anaima pakati pa bwalo thukuta likutsika m'malaya atsopano aja. Akasiya denga, wapereka Maluwa kwa Laston ndi manja ake. Akalizula, wazula pamutu pa mwana amene amamutcha ankolo, ndipo apongozi sadzamukhululukira mpaka kumanda. Anafuna kukuwa, anafuna kutukwana Salome, Laston, ankhoswe, ndi iye mwini koposa onse.

"A Noel," anatero Maluwa motsitsa mawu. "Dzinja limodzi tidzapirira. Laston akalowa m'nyumba umu, satulukanso."

Noel ananyamula makwerero n'kukawaimika kuseri, kumene mayi aja sakanamugwira mwendo. Anakwera. Malata anali akutenthabe ndi dzuwa la masana. Anagwada pa lata la pamwamba pa chipinda cha kum'mawa, analowetsa mano a hamala pansi pa msomali, n'kukoka. A Fikirini anali atakhoma ngati akukhomera adzukulu awo. Msomali woyamba unatuluka ukulira. Wachiwiri unapindika. Wachitatu unaduka mutu. Pansi mayi ankalira maliro enieni, Maluwa ankakuwa kuti fulumirani, ndipo lata limodzi lokhalo linali ndi misomali yoposa khumi.

Atazula wachisanu anadzutsa mutu kuti apukute thukuta. Padenga munthu amaona patali. Anaona kabaza ziwiri zikukhota kuchoka pamsewu waukulu kulowa njira ya kuchigayo. Yakumbuyo inanyamula zikwama ziwiri zikuluzikulu. Yakutsogolo inanyamula mwamuna wa jekete lachikopa, pa kutentha konseku.

Pomwepo dontho loyamba linamenya lata pafupi ndi bondo lake. Tho! Lachiwiri. Lachitatu. Noel anakoka msomali wachisanu ndi chimodzi ndi mphamvu zake zonse, hamala inaterereka, n'kumusupula chala. Kenaka kumwamba kunangotseguka, ndipo denga lonse linayamba kulira pansi pa mawondo ake, malata onse 26, opanda podontha ngakhale pamodzi.

Kabaza zinaima pabwalo. Mwamuna uja anatsika mosafulumira. Anapatsa moni a Mackson ndi manja awiri, anagwadira apongozi ake, anayang'ana Maluwa amene anali ataima pamvula ngati mtengo. Kenaka anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, anaphimba maso ndi dzanja, n'kuyang'ana kudenga.

"Amisiri!" anakuwa Laston kuti mawu apose mvula. "Ntchito mwaigwira, ndaiona pachithunzi. Tatsikani mungadwale. Lowani m'nyumba muuse mvulayi, akazi anga akuphikireni tiyi."

Noel anakhalabe chogwada pamwamba pomwepo, magazi a chala akutsika ndi madzi m'mizere ya lata. Pansi pake anamva chitseko chimene anagula yekha chikutseguka, zikwama zikulowa.